Momwe mungadziwire phiri lomwe lingakhale ndi miyala ya rare earth

Ndimaphunzitsa jogalafe kusekondale ina m'boma la Phalombe, ndipo chimvekereni pawailesi mbiri ya rare earth wa m'mapiri a Songwe Hill ndi Kangankunde, makolo amandibweretsera miyala m'majumbo kuti ndiwauze ngati apeza chuma. Pafupifupi yonse imakhala yonyezimira. Komatu miyala yokhala ndi rare earth siwala ngati golide, ndipo palibe amene angakuguleni thumba limodzi pamsika. Rare earth ndi gulu la zitsulo 17 zomwe zimabisala m'timibulu ting'onoting'ono ta monazite, bastnaesite kapena synchysite. Zofunidwa kwambiri ndi neodymium ndi praseodymium, zopangira maginito amphamvu a galimoto zamagetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo.

Musanagwire nyundo, yambani ndi mapu. Kuno kwathu zitsulozi zimapezeka makamaka m'mwala wotchedwa carbonatite, womwe udali chiphalaphala chodzaza ndi laimu chochokera pansi penipeni pa dziko. Phiri la Ol Doinyo Lengai ku Tanzania ndi lokhalo lomwe likulavulabe chiphalaphala chotere. Chathu chidazizira zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, n'kusiya mapiri omwe akatswiri amawaika m'gulu la Chilwa Alkaline Province: Kangankunde ku Balaka, Songwe ndi Tundulu kuno ku Phalombe, komanso chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa. Ku Zambia kuli Nkombwa m'boma la Isoka. Migodi ikuluikulu ya Mountain Pass ku America ndi Mount Weld ku Australia ili pa mwala womwewu. Mapu ofotokoza miyala ya dera lanu, pamodzi ndi zotsatira za kauniuni uja wofufuza miyala ya pansi pa nthaka pogwiritsa ntchito ndege zomwe zidatuluka mu 2015, amasungidwa ku Geological Survey Department ku Zomba.

Mukatero liyang'aneni phirilo muli patali. Carbonatite kawirikawiri imapanga phiri laling'ono, lozungulira, loima palokha pakati pa chigwa. Kangankunde adangotalika mamita pafupifupi 200 kuchokera pachigwa. Musanakwere kaonekereni kwa amfumu, chifukwa mapiri ena ali ndi manda kapena malo opatulika, ndipo ena boma lidawapereka kale ku kampani.

Pokwera muziyang'ana pansi, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. M'munsi mumayamba kuona miyala yofiirira, yoswekasweka, yooneka ngati idaphwanyidwa kenako n'kumatidwanso. Imeneyo ndi fenite, mwala wakale wa pamalopo womwe udapsa ndi kusinthika ndi madzi otentha odzaza potaziyamu ndi sodiyamu pomwe chiphalaphala chinkakwera. Kwa ine fenite ndiye mboni yodalirika koposa, poti miyala ya laimu wamba ilibe mpanda wotere. Mukamayandikira pakati, miyala imakhala yakhakhalakhakhala, yamaenjemaenje poti mvula imaisungunula, kunja kwake kuli kwakuda kapena kwa mtundu wa dzimbiri chifukwa cha ayironi ndi manganizi. Iswani kuti muone mkati, maso mutawatchinjiriza. Ku Kangankunde monazite amaoneka wobiriwira motuwa; ku Songwe synchysite ndi waung'ono kwambiri moti ndi maso okha simungamuone.

Kenako palani mwalawo ndi mpeni mpaka patuluke ufa, n'kudonthezapo viniga. Ukachita thovu, ndiye kuti muli laimu. Kusukulu timagwiritsa ntchito asidi wa hydrochloric wosungunulidwa, yemwe amaonetsa msanga. Koma thovu lokha lisakusangalatseni: miyala ya ku Chenkumbi ku Balaka, yomwe anthu amaotcha kuti apange laimu, imachitanso thovu koma si carbonatite.

Ena amabwera ndi mchenga wakuda wolemera wa m'mbali mwa nyanja, monga wa ku Makanjira kapena Salima. Wambiri mwa umenewo ndi ilmenite, yemwe si mwala wa rare earth, monazite amangokhalamo pang'ono. Monazite wa mumchenga amakhala ndi thorium yemwe amatulutsa cheza choopsa, choncho musamuunjike m'nyumba yogona. Wa ku Kangankunde amatamandidwa chifukwa thorium wake ndi wochepa.

Yankho lenileni lili ku labotale. Tengani zidutswa zazikulu ngati nkhonya kuchokera m'malo angapo, osati chokongola chokha, chilichonse m'thumba mwake. Lembanipo tsiku ndi manambala a GPS a pafoni yanu, ndipo jambulani pomwe mwatola. Musakumbe maenje, chifukwa kufufuza miyala kumafuna chiphaso malinga ndi lamulo la migodi la 2023. Zotsatira zikabwera yang'anani nambala ya TREO, yomwe imaonetsa kuchuluka kwa rare earth yense m'mwalawo. Ku Kangankunde imangopitirira pang'ono 2 peresenti, kutanthauza makilogalamu 20 okha pa tani imodzi ya miyala, ndipo kuti atsimikize nambala imeneyo akatswiri adachita kuboola phiri lonse ndi makina.