Momwe mungachepetsere nkhuku zoyera pakhomo ana osadandaula ndiwo

Ndinawetapo nkhuku zoyera, mabroila aja, maulendo atatu kuseli kwa nyumba yathu ku Lilongwe, anapiye 100 ulendo uliwonse. Pofika sabata yachisanu zina zinkalephera kuimirira, miyendo itakhota chifukwa chidali chakula msanga kuposa mafupa. Zinkangokhala pa utuchi wonyowa, babu ili chiyakire usiku wonse kuti zizidya osapuma. Pa masabata 6 n'kugulitsa, pomwe nkhuku yachikuda imafuna miyezi 5 kapena 6. Zanga zinali 100 chabe, koma m'makola akuluakulu zimapanikizana masauzande.

Chomwe chinandisiyitsa ndi mankhwala. Kusitolo ina ya za ziweto anandigulitsa mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda otchedwa oxytetracycline, amvekere muzingothira m'madzi, zidwale zisadwale. Papaketi amalemba masiku oti mudikire musanaphe nkhuku, koma wogula akafika ndalama ili m'manja, amawerenga ndani? Inenso sindinkawerenga. Mu 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza alimi kuti asiye kumwetsa mankhwala otere ziweto zomwe sizikudwala, chifukwa tizilombo timawazolowera, ndiye mawa mwana akadwala chibayo mankhwala sagwira. Maiko a European Union analetsa kale mu 2006 kuwagwiritsa ntchito pokulitsa ziweto. Kwathu nkhuku yoyera inali ya kanayi pa sabata. Lero timadya yachikuda kamodzi, ndipo njira yake ndi iyi.

Choyamba, musalengeze. Mukangonena pa chakudya kuti kuyambira lero nyama yachepa, bambo a kunyumba ndi ana ayamba kuwerenga masiku. Chotsani tsiku limodzi kaye, lina pakatha sabata ziwiri. Yambani ndi polony ndi masoseji a ana akusukulu. Mu 2015 nthambi ya WHO yoona za khansa, IARC, inaika nyama zokonzedwa m'fakitale ngati zimenezi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo inati kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi 18 peresenti. Dzira lowiritsa kapena chiponde pabuledi zimalowa m'malo bwinobwino.

Chachiwiri, gulani soya wosakonza, wa m'thumba, osati kungodalira soya pieces. Timapaketi tija tinkatchipa kale, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 palibe chotchipa cha m'sitolo. Soya mugule nthawi yokolola, cha mu April ndi May, ndipo pisani dzanja pansi pa ndowa. Mavenda ena amaika woyera pamwamba, pansi pali wakuda wovundira ndi timiyala. Sikelo yawonso muziikayikira.

Chachitatu ndi kuwiritsa, ndipo apa m'pomwe ndinachita manyazi. Ndinautenga soya ngati nyemba. Ndinamuviika m'madzi ozizira usiku wonse kuti makala asathe, m'mawa n'kutereka. Tsiku lake apongozi anali atabwera kuchokera kumudzi. Fungo lomwe linatuluka mu poto silinali la ndiwo, linali la chisoyasoya, ngati udzu wosakaniza ndi penti. Ndinathira tomato wambiri, ndinathira ufa wa kale (curry), osatheka. Apongozi anatema nsima kawiri, kenaka mwaulemu wawo amvekere, “Mayi, kodi masamba a dzulo aja anatha?” Poto yense anathera kwa galu, naye anangonunkhiza.

Mlangizi wina wa zaulimi ndiye anandimasulira. Mu soya muli kanthu komwe kamadzuka akangokhudza madzi ozizira, n'kutulutsa fungo lija, ndipo likatuluka silibwerera. Moto umakapha kasanadzuke. Choncho musankheni ndi kumupeta ali wouma, osatsuka. Terekani madzi makapu atatu pa kapu imodzi ya soya, adikireni awire bwatabwata. Thirani soya pang'onopang'ono, dzanja limodzi limodzi, kuti madzi asaleke kuwira. Mukakhuthulira pamodzi madzi amazizira ndipo mwabwerera kwa apongozi anga aja. Werengani mphindi 30 kuchokera pomwe mwamaliza kuthira. Musadule nthawi poumira makala, chifukwa soya wosapsa bwino ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni, ndipo mimba imatupa usiku wonse. Zikatha mphindi 30 zija, madzi ozizira alibenso vuto. Muthireni, tikitani ndi manja, makoko ayandama, tayani kapena patsani nkhuku.

Chachinayi, sinjani mumtondo akadali wonyowa, koma asasalale ngati chiponde, angokhala timibulu tonga nyama yogaya. Kazingani m'mafuta mpaka afiire kaye, tomato abwere pambuyo. Mukayamba ndi tomato mupeza phala. Anyezi, adyo, kale pang'ono, timadzi, kenaka abwate mphindi 20. Wotsala yanikani padzuwa aume gwa, mukagayitse limodzi ndi mgaiwa wa phala la ana. Soya pieces naye amafuna zomwezo: muviikeni m'madzi otentha, finyani kwambiri, kazingani mpaka agwire poto. Kasupu kam'paketi kaja ine ndimathira theka, kachuluka mchere.

Chachisanu, masiku enawo zungulizani zomwe mukuzidziwa kale: nyemba, nandolo, khobwe wa chipere, nkhwani wotendera, bowa nthawi ya dzinja. Sindikuphunzitsani kutendera. Koma nsinjiro musagule yogayagaya ya m'timajumbo, chifukwa ena amagaya mtedza wotsalira posankha, wa chuku, ndipo chuku chimenecho chili ndi poizoni wa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi. Sankhani mtedza nokha, sinjani nokha.

Chachisanu ndi chimodzi, musachotse za nyama zonse, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe amatiphunzitsa kusikelo, limodzi ndi la zochokera ku nyama, ndipo vitamini B12 mu nyemba mulibe. Usipa, matemba, mazira ndi mkaka zimakwanira. Usipa wouma muziununkhiza musanagule.

Chomaliza ndi nkhuku ya Lamulungu. Gulani yachikuda, yamoyo, yoyera m'maso, ndipo muiphe nokha. Ndi yodula kuposa yoyera komanso imadya makala, koma msuzi wake umafika mpaka Lolemba. Mukaona zachikuda zatchipa mwadzidzidzi miyezi yotentha, cha mu September ndi October, kawirikawiri kumudzi kwagwa chitopa ndipo eni ake akuthamangitsa zisanafe. Muzingodutsa.