Gulugufe wa pa malalanje ndi ntchentche ya m'zipatso

Alimi ambiri a malalanje, mandimu ndi manachesi, kuphatikizapo a ku Mwanza ndi Neno, akaona masamba atadyedwa amathamangira kukagula mankhwala opopera. Chonsecho pansi pa mitengo ikuluikulu zipatso zangoti mbwee, zikuwola, palibe wozitola. Izi zimandiwawa, chifukwa ndalama zambiri zikutayikira pansi pomwepo.

Chimene chimadya masamba ndi mbozi ya gulugufe wamkulu wakuda wa madontho achikasu, amene akatswiri amamutcha Papilio demodocus. Amaikira dzira limodzilimodzi pa masamba anthete. Mboziyo ikakhala yaing'ono imafanana ndi chitosi cha mbalame, ikakula imabiriwira, ndipo mukaikhudza imatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha kumutu. Ku nazale ndi pa mitengo yongowokedwa kumene imatha kukungudza masamba onse, koma mtengo waukulu suimva n'komwe. Yenderani mbande zanu m'mawa kawiri pa sabata, tolani mbozizo ndi manja n'kuzipha. Nthawi zambiri zimenezi n'zokwanira.

Ntchentche ya m'zipatso ndiye mdani weniweni. Mtundu wovuta kwambiri, Bactrocera dorsalis, unachokera ku Asia ndipo mu Africa muno unaoneka koyamba ku Kenya mu 2003. Yaikazi imaboola khungu la chipatso n'kuikira mazira m'kati, kunja n'kungotsala kadontho kakang'ono. Mukang'amba bango kapena gwafa looneka bwinobwino n'kupeza mphutsi zoyera zili nyakwinyakwi, dziwani kuti ndi yomweyi. Kupopera sikuthandiza apa, poti mankhwala safika m'kati mwa chipatso. Chikagwa, mphutsi zimatuluka n'kulowa m'dothi, ndipo pakatha masabata pafupifupi awiri zimatulukamo zili ntchentche, n'kubwereranso mumtengo womwewo.

Choncho tolani zipatso zonse zakugwa, tsiku ndi tsiku ngati n'kotheka. Zikwirireni m'dzenje lozama masentimita 50 kapena kuposerapo, apo ayi zimangeni m'thumba lakuda la pulasitiki losabooka n'kuliika padzuwa masiku angapo kuti mphutsi zife. Musazitaye kudzala osakwirira. Misampha yokhala ndi methyl eugenol, mankhwala a fungo lokopa ntchentchezi, imakola ntchentche zazimuna zokha, ndipo imakuthandizani kudziwa ngati zayamba kuchuluka.

Kambiranani ndi anzanu oyandikana nawo minda kuti muzitola nthawi imodzi, chifukwa ntchentche yoswedwa pansi pa mtengo wa mango wa mnzanu idzafika pa manachesi anu.