Kubaya pambali pa fupa la pachifuwa: mmene mungathandizire kutupa kwa chichereŵechereŵe cha nthiti

Nthiti sizifika zokha pa fupa lapakati pa chifuwa. Zimalumikizidwa ndi chichereŵechereŵe, chomwe chimapindika pang'ono nthawi iliyonse mukapuma. Chikatupa, madokotala amati costochondritis. Kawirikawiri zimachitika pa nthiti yachiwiri mpaka yachisanu, makamaka kumanzere, n'chifukwa chake ambiri amathamangira kuganiza za mtima.

Dinikizani ndi chala pomwe nthiti yakumana ndi fupalo. Ululu womwewo ukabwera, ndipo ukukula mukapuma mozama, mukatsokomola kapena mukatembenuka pabedi, n'kutheka kuti vuto ndi limeneli. Koma chala chanu sichingatsimikize kuti mtima uli bwino. Ngati chifuwa chikupana, ululu ukutsikira ku dzanja kapena kukwera ku nsagwada, mukutuluka thukuta lozizira kapena mukubanika, pitani ku zipatala zazikulu za ku Lusaka monga UTH ndi Levy Mwanawasa, kapena kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, makamaka ngati muli ndi BP kapena shuga. Chifuwa chopitirira masabata awiri, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda zimafuna kupimitsa makhololo a TB.

Akakuuzani kuti ndi chichereŵechereŵe basi, chithandizo chachikulu ndi kuchipumitsa. Chimachira pang'onopang'ono chifukwa magazi amafikamo ochepa, ndipo nthiti siziima kugwira ntchito ngakhale mutagona. Yembekezani masabata angapo, nthawi zina miyezi. Lekani kaye kunyamula thumba la unga la makilogalamu 25, zigubu za madzi za malita 20, kapena kukankha wilibala yodzaza ku Soweto Market. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: ululu ukangochepa, abwerera kuntchito yolemera, vuto n'kuyambiranso.

Kulungani botolo la madzi otentha m'chitenje, muike pamalopo mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Mukamatsokomola, kumbatirani pilo pachifuwa.

Munthu wamkulu atha kumwa Panadol, mapiritsi awiri a 500mg, pakadutsa maola 6, osapitirira mapiritsi 8 patsiku. Dziwani kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol. Brufen wa 400mg katatu patsiku mutadya amachepetsa kutupa, koma ndi wa masiku ochepa chabe. Musamuphatikize ndi mapiritsi a diclofenac, chifukwa onse amapweteka mimba ndi impso mofanana. Amayi oyembekezera, a zilonda zam'mimba, a impso, a BP, a mphumu ndi omwa ma ARV afunse kaye kukiliniki. Diclofenac wopaka savuta kwambiri m'mimba. Amoxyl wogula pashopu sathandiza pamene palibe tizilombo, ndipo kutema mphini kumangowonjezera chilonda.

Ululu ukayamba kuzirala, imani pakhomo, ikani mikono pamafelemu onse awiri, mupendekere kutsogolo mpaka mumve chifuwa chikukokeka pang'ono. Khalani choncho masekondi 20 mpaka 30, katatu. Chikabaya, mwapitirira.

Kuti vutoli lisabwerenso, musalekerere chifuwa cha m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, kapena cha fumbi la Ogasiti. Utsi wa mbaula m'nyumba yotseka umachikulitsa. Ponyamula katundu pindani mawondo, katunduyo akhale pafupi ndi thupi, ndipo musapotoke m'chiuno muli chinyamulire. Pamalo popwetekapo pakatupa mooneka, pakafiira, pakatuluka matuza, kapena pakatha masabata atatu osasintha, bwererani kukiliniki.