Momwe mungayambire kumanga ufumu pa foni ndi masewera a Unciv

Aliyense amene anaimapo pambali pa anthu osewera bawo pa msika wa Lizulu kapena pa Dedza Boma amadziwa kuti kukoma kwa masewera osinthana kuli pa kudikira: mnzako akamatakata, iwe umakhala ukuwerenga mumtima kumene nkhomo zako zikagwere. Masewera a pa kompyuta omanga ufumu amayendanso chomwecho, kungoti m'malo mwa maenje 32 mumapatsidwa dziko lonse, ndipo m'malo mwa nkhomo mumasuntha alimi, asilikali ndi anthu okatsegula midzi. Otchuka kwambiri pa mtundu umenewu ndi Civilization, amene Sid Meier anawatulutsa mu 1991, koma awo amagulidwa ndipo atsopano ake amafuna makina amphamvu. Ambirife tili ndi foni ya Android yokha, choncho ndifotokoza za Unciv, masewera aulere otsata malamulo a Civilization V ya mu 2010, amene amayenda bwino ngakhale pa foni yotsika mtengo.

Poyamba, tsitsani Unciv pa Google Play kapena pa F-Droid. Intaneti imafunika pa nthawi yotsitsayo basi, ndipo pambuyo pake mungasewere bandulo itatha. Mukasankha kuyamba masewera atsopano, tengani mapu aang'ono, adani awiri kapena atatu, ndi mlingo wa kuvuta wa Chieftain, umene uli wachiwiri pa milingo isanu ndi itatu yoyambira pa Settler mpaka pa Deity. Pa liwiro sankhani Quick, chifukwa liwiro la masiku onse lili ndi maulendo 500 (ulendo ndi mpata umodzi wanu wosewera adani asanasewere), kuchokera mu 4000 BC kufika mu 2050, ndipo munthu woyamba kumene amatopa asanafike pakati.

Mapu akatseguka mudzaona timabokosi ta mbali zisanu ndi imodzi, tonga zisa za njuchi, ndipo mudzakhala ndi anthu a magulu awiri okha: Settler, amene amatsegula mzinda, ndi Warrior, msilikali wa chibonga. Chinthu choyamba chofunika kuchiganizira mofatsa ndi malo a mzinda woyamba, ndipo pamenepa mlimi wa ku Bembeke kapena ku Tsangano safunika kuphunzitsidwa zambiri, pakuti nzeru yake ndi yomwe ija yosankhira dimba. Funani pafupi ndi mtsinje, chifukwa minda ya m'mbali mwa madzi imadzabereka kwambiri luso la ulimi likamakwera; funani pa chitunda, chifukwa mzinda wa pa chitunda umavuta kuulanda ndipo umapanga zinthu mofulumirako; ndiponso onetsetsani kuti chapafupi pali chuma chosangalatsa anthu, monga mchere, thonje, minyanga ya njovu, shuga kapena golide. Komabe musayendeyende nthawi yaitali kufunafuna malo opanda chilema. Ulendo uliwonse umene mwachedwa kumanga, anzanu akukolola kale, ndiye ngati pamene mwaikidwapo pali madzi ndi chakudya, mangani pomwepo kapena sunthani kabokosi kamodzi kokha.

Mzinda ukaima, uuzeni kuti upange Scout, kazitape wopita kukaona dziko. Iye amapeza mabwinja akale amene amapereka mphatso monga ndalama, luso latsopano kapena anthu owonjezera, ndipo amakusonyezani kumene adani ali. Kenako pangani Worker, wantchito wolima minda, kukumba migodi ndi kulambula misewu. Pa maphunziro, yambani ndi Pottery kuti mumange nkhokwe, mutsatize Writing kuti mumange laibulale, ndipo zotsalazo muzisankhe poona chimene chili pa nthaka yanu: ngati muli ndi mchere kapena golide, Mining isachedwe.

Apa ndipo pali mtima wa masewerawa, ndipo ndikupemphani kuti muwerenge modekha, chifukwa ambiri amagwa pomwepa. Munthu aliyense wa mumzinda amadya miyeso iwiri ya chakudya pa ulendo uliwonse, ndipo chotsala ndi chimene chimakulitsa mzindawo. Anthu akachuluka, maphunziro amathamanga, popeza nzeru za ufumu zimawerengedwa kuchokera pa chiwerengero cha anthu, ndipo laibulale imawonjezera pa chomwecho. Koma mzinda uliwonse watsopano, ndi munthu aliyense wobadwa, amachepetsa chisangalalo cha ufumu wonse, chimene chimaoneka pa kankhope kali pamwamba pa sikirini. Nambala imeneyo ikatsika kupitirira ziro, mizinda imangokula mwapang'onopang'ono. Ikafika pa 10 kunsi kwa ziro, kukula kumaimiratu ndipo ngakhale asilikali amafooka pa nkhondo. Mtundu uliwonse wa chuma chosangalatsa chija umabweza chisangalalo chokwana 4, koma ukakhala nawo uwiri wofanana, wachiwiriwo suwonjezera kanthu, choncho mchere wotsala ugulitseni kapena usinthanitseni ndi mfumu ina imene ili ndi thonje. Munthu wa dyera amene amamwaza mizinda paliponse pamene waona malo amadzapezeka ali ndi ufumu waukulu wa anthu okwiya, wosakula ndiponso wodya ndalama, pakuti ngakhale msewu umalipiridwa kabokosi kalikonse pa ulendo uliwonse. Kwa woyamba kumene, mizinda inayi yosamalidwa bwino ndi yokwanira, ndipo pa ndondomeko za ulamuliro asankhe Tradition, imene inakonzedwa kuti ithandize ufumu wa mizinda yochepa. Kumbukiraninso kuti mzinda ukamapanga Settler umaleka kukula, ndiye musautume ntchito imeneyi mobwerezabwereza ukadali waung'ono.

Za nkhondo sindichulutsa. Kabokosi kamodzi kamalola gulu limodzi lokha la asilikali, choncho ikani a mikondo kutsogolo ndi a mauta kumbuyo, popeza a mauta amalasa kuchokera patali timabokosi tiwiri osabwezeredwa. Iwo angafooketse mzinda, koma woulanda ayenera kukhala msilikali womenya pafupi. Ngakhale mutakhala wokonda mtendere, sungani a mauta awiri kapena atatu, chifukwa mafumu a kompyuta amathira nkhondo amene amuona kuti alibe chitetezo.

Mukafika cha pa ulendo wa 100, sankhani njira yopambanira ndipo muigwiritsitse. Mungalande malikulu a adani onse, mungamange chombo chopita kuthambo, mungapambane ndi chikhalidwe, kapena mungasankhidwe ndi mavoti a mayiko. Ine ndimalangiza njira ya chombo, chifukwa imakuphunzitsani kusamala chakudya, ndalama ndi maphunziro pamodzi.

Chimene chimakoka mtima pa masewerawa n'chakuti nthawi zonse pamakhala kanthu kamene katsala pang'ono kutha: nkhokwe ikutha maulendo awiri akubwerawa, luso latsopano likubwera pa wachitatu, ndipo Settler watsala pang'ono kufika pa mtsinje. Kukoma kumeneku ndi kumenenso kuli msampha wake. Usiku wina wa mu June, kuzizira kwa kuno ku Dedza kutandikankhira m'bulangete msanga, ndinadziuza kuti ndisindikiza batani lopita ku ulendo wotsatira, la Next turn, kamodzi kokha, koma ndinadzidzimuka atambala akulira, foni itatsala pang'ono kuzima, pamene m'mawa mwake ndinali ndi ntchito yofuna mutu wabwino. Kuyambira pamenepo ndimaika malire ndisanayambe, maulendo 30 kapena 40, ndipo ndikafikapo ndimatseka, podziwa kuti masewerawa amasunga okha pamene ndalekezera. Makolo amene ana awo ali pafupi kulemba mayeso a JCE kapena MSCE achite chimodzimodzi, ndipo malirewo agwirizane ndi mwanayo foni isanatsegulidwe.

Zilema zina zili m'kapangidwe kake. Chakumapeto, ufumu ukakula, ulendo umodzi umatenga nthawi yaitali pa zinthu zosafuna nzeru, kusuntha wantchito uyu ndi kusankhira mzinda uwo chomanga, pamene wopambana akudziwika kale. Komanso mukakweza mlingo, adani a kompyuta sachenjera kwenikweni, amangopatsidwa mwayi woyamba ndi zinthu zambiri kuposa inu, zimene zikufanana ndi kusewera bawo ndi munthu amene wayamba ndi nkhomo zowonjezera. Mankhwala ake ndi kusewera ndi munthu mnzanu: pokonza masewera atsopano mungaike osewera awiri kuti akhale anthu, n'kumapatsirana foni imodzi ulendo ndi ulendo.

Koma chilema chimene chimandikhudza kwambiri ndi mmene masewerawa amaonera mbiri ya anthu. Mwa iwo, dziko limene mulibe mizinda ndi lopanda mwini, ndipo anthu okhala m'misasa kunja kwa maufumu amatchedwa Barbarians, osayenera china koma kuthamangitsidwa. Ife a dera lino, kumene asilikali a atsamunda anapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896, tikudziwa kumene kaganizidwe kotere kamathera, ndipo mwana akamasewera ndi bwino kumuuza kuti amenewo ndi malamulo a masewera, osati mmene mbiri inayendera. Pa maufumu a mu Africa mungasankhe Egypt wa Ramesses II, Songhai wa Askia, Carthage wa Dido kapena Ethiopia wa Haile Selassie, koma ufumu wa Maravi mulibe, ngakhale kuti a Kalonga analamulira dera lalikulu kuchokera ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma lomwe lino, ndipo anthu awo ankasula chitsulo, kuwomba nsalu za thonje ndi kugulitsa minyanga, zinthu zomwezo zimene masewerawa amaziwerenga ngati chuma. Zojambula za pa miyala ya ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2006, zikuchitira umboni kuti kuno kunali anthu a miyambo yozama kalekale.

Chomaliza choti muchite n'chaching'ono, ndipo ine ndimachita nthawi zonse ndikangomanga mzinda woyamba: tsegulani mzindawo, sinthani dzina lake, mulembe kuti Mankhamba. Wachiwiri, ukakhala m'mbali mwa mtsinje, mutcheni Linthipe, ndipo wa pa phiri woyang'ana malire ukhale Lizulu.