Musanaboole khoma kuti muike kamera

Ambiri a ife okhala kunja timagwira ntchito za mashifiti, kutuluka kusanache n'kubwerera usiku, nyumba n'kutsala yokha. Nzeru yoika makamera achitetezo ndi yabwino, koma musanathamangire kusitolo, yambani mwadzifunsa kuti nyumbayo ndi ya ndani. Ngati mukuchita lendi, kuboola khoma popanda chilolezo cha mwininyumba kungakudyereni dipoziti. Mulembereni uthenga, iyenso ayankhe molemba, yankholo musunge. Akakana, alipo makamera a batire komanso mabelu apakhomo okhala ndi kamera, monga a Ring kapena Eufy, omwe mungaike osaboola paliponse. Ku South Africa, mukakhala mu kompuleksi, funsaninso oyendetsa malowo chifukwa makoma akunja amakhala ndi malamulo awo. Amene mumagawana nawo nyumba auzeni, ndipo kubafa kapena kuchipinda kwa munthu wina kamera isayandikireko n'komwe.

Lamulo la dziko limene muli musalitenge mopepuka. Ku UK, kamera ikamajambula m'malire a pakhomo panu pokha palibe vuto, koma ikafika pamsewu kapena pabwalo la neba, malamulo oteteza zinsinsi za anthu, a UK GDPR ndi Data Protection Act ya 2018, amakukhudzani. Mu 2021 khoti la ku Oxford linapeza kuti bambo wina anaphwanya malamulowa ndi makamera ake, ndipo woweruza anadandaula kwambiri ndi kujambula mawu a anthu odutsa. Ineyo ndimati mawu muzingothimitsiratu. Makamera ambiri amalolanso kuphimba mbali ina ya chithunzi kuti zenera la neba lisaoneke. Munthu uli m'dziko la eni, milandu yopeweka ngati imeneyi n'njosafunika.

Kamera ndi mboni, ndiye ntchito yake yaikulu ndi kuona nkhope. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Amaikweza pafupi ndi denga poopa kuti mbava ziigwetsa, mapeto ake chithunzi chimangoonetsa pamwamba pa chipewa. Mamita 2.5 mpaka 3 kuchokera pansi ndi okwanira: dzanja silifikapo, koma nkhope imaoneka. Ilozetseni pamene munthu sangachitire mwina koma kudutsa, pachitseko chakumaso, pageti, ndi khomo lakuseri limene anthu amakonda kuliiwala. Isayang'anizane ndi dzuwa kapena getsi lowala kwambiri, chifukwa munthu amangooneka ngati mthunzi wakuda. Musaiikenso m'nyumba kuseri kwa galasi la zenera. Masana imaoneka bwinobwino, koma usiku kuwala kwa timagetsi take toonera mumdima, ta infrared, kumabwerera pagalasipo, chithunzi chonse n'kungoti mbuu. Musanamange zolimba, dikirani kude, mnzanu avale kapu ndi jekete, ayende kuchokera pageti kufika pachitseko inu mukuyang'ana pafoni. Ngati simukutha kumuzindikira munthu amene mumamudziwa, apolisi mlendo angamuzindikire bwanji? Kamera yapanja ikhale yolembedwa IP65 kapena IP66 kuti ipirire mvula ndi fumbi, ndipo kuoneka bwino kwa chithunzi chake kusachepere 1080p. Ukonde wa akangaude muzipukuta, chifukwa usiku umawala n'kuchititsa foni kulira popanda chifukwa.

Ngati nyumbayo ndi yanu, makamera a chingwe ndi odalirika kuposa a Wi-Fi. Amtundu wa PoE amalandira magetsi ndi kutumiza zithunzi kudzera m'chingwe chimodzi chomwecho, bola chisapitirire mamita 100. Kabokosi kosungira mavidiyo, kotchedwa NVR, mukabise, osati kukaika pambali pa TV pamene wakuba anganyamulire limodzi. A Wi-Fi ndi osavuta kuika, koma ambiri amagwira pa Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, ndiye onani kaye ngati rauta yanu ili nayo. Ena amafuna kuti muzilipira mwezi uliwonse kuti mavidiyo asungidwe. Werengani bwino musanagule, kapena sankhani olowa memori khadi. Kumene magetsi amathimathima, gulani UPS, batire yosunga magetsi, yoti igwire rauta ndi kabokosiko, apo ayi kamera imagona nthawi imene ikufunika kwambiri.

Pasiwedi imene inabwera ndi kamera musinthe tsiku lomwelo. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi zipangizo zina zambirimbiri padziko lonse pongoyesa mapasiwedi akufakitale amene eni ake sanasinthe. Tsegulaninso njira yotsimikizira kawiri, ija amakutumizirani nambala pafoni, ndipo kamera ikapempha kukonzanso pulogalamu yake musazengereze. Yogula kwa munthu wina, onetsetsani kuti waichotsa pa akaunti yake musanamupatse ndalama.

Tsiku ndi nthawi pakamera zikhale zolondola, makamaka m'mayiko amene mawotchi amasinthidwa kawiri pachaka, chifukwa vidiyo yosemphana nthawi imafooketsa umboni. China chake chikachitika, koperani vidiyoyo nthawi yomweyo, popeza malo akadzaza makina amafufuta zakale okha. Ipititseni kupolisi ndi kukampani ya inshulansi. Kuimwaza pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp kungasokoneze kafukufuku, ndipo mukaloza munthu wolakwika mlandu umatembenukira kwa inu.