Kusanja mbiri ya China papepala limodzi

Jambulani mzere wautali, muugawe potengera mabanja achifumu. Yambani ndi Shang, amene zolemba zawo zinapezeka pa mafupa ku Anyang. Pa 221 BC ikani chizindikiro chachikulu, popeza ndipo pamene mfumu Qin Shi Huang inagwirizanitsa dzikolo. Tsatirani ndi Han, Tang (618–907), Song (960–1279), Yuan, Ming (1368–1644) ndi Qing, ufumu womwe unatha mu 1912. Mao Zedong analengeza boma latsopano mu 1949.

Ambiri amasokonezeka poganiza kuti ufumu wina unkayamba winawo utagwa kale. Sizinali choncho nthawi zonse. Kublai Khan anakhazikitsa Yuan mu 1271, a Song akulamulirabe kummwera, choncho pamenepo jambulani mizere iwiri. Musiyenso mpata waukulu pakati pa 220 AD ndi 589 AD, pamene dzikolo linkakhala logawikana nthawi zambiri.