Mmene ndinathetsera kunjenjemera kwa gudumu lakumchira pa Piper Cub

Kandege kamene ndimaulutsa ndi Piper J-3 Cub, ka mipando iwiri, injini yake ya mahosipawa 65. Mwezi wathawu, ndikangotera pa phula, gudumu lakumchira linkanjenjemera mpaka kandege konse kuchita phokoso ngati chigayo. Ndinkaopa kwambiri, chifukwa kulemera kwa ndege zamtunduwu kumakhala kumbuyo kwa magudumu akuluakulu. Mchira ukangopotoka pang'ono, ndege imafuna kuzungulira yonse.

Poyamba ndinkaganiza kuti vuto ndi mapazi anga pa zopondera za rudder, chiwongolero chakumchira chimene chimakhotetsa ndege kumanja kapena kumanzere. Ndinawonjezeranso mpweya m'tayala, koma sizinasinthe.

Makaniko wina wachikulire, Mmalawi mnzathu, anagwada n'kuyang'ana. “Achimwene, khalani m'ndegemo ndione,” anatero. Nditakhala, vuto linaonekera. Sipuling'i yachitsulo yomwe imanyamula gudumulo inali itatopa, moti kachitsulo kamene gudumu limatembenukirapo kanapendekera kutsogolo. Kamayenera kuima chilili, kapena kupendekera kumbuyo pang'ono chakumwamba kwake, ndege italemedwa. Ikakhala yopanda munthu sungaone kanthu, n'chifukwa chake ine ndinkaphonya.

Kuno ku Johannesburg vutoli limakula, chifukwa tili pamtunda wa mamita oposa 1,600. Mpweya ndi wopepuka, choncho ndege imagunda pansi ikuthamanga kwambiri kuposa kunyanja, makamaka masana kukatentha.

Tinaika sipuling'i yatsopano, tinakonzanso matcheni owongolera gudumu kuti asalendewere. Loweruka m'mamawa ndinatera kasanu, ndodo yowongolera ndege nditaikokera kumimba, mchira uli phee. Ndinatsegula chitseko cham'mbali n'kunyamukanso kachisanu ndi chimodzi, mphepo yozizira ikundiwomba kumaso.